Bwato Lolira Ngati Khanda

Nkhafi yoyamba inatera pamsana, yachiwiri pakhutu. Kulusumu anamva kulira kwa mtengowo ali kuthandala kumene ankayanika usipa, ndipo asanatembenuke n'komwe mtima unamuuza kuti womenyedwayo ndi Lawson. Anataya lichero n'kuliyatsa liwiro cha kudoko, nsalu ikumukola m'miyendo.

Anapeza anthu atazungulira kale. Anthu a ku Senga Bay ndi otero. Ukawaitana kudzakoka ukonde amabwera akukoka miyendo, koma kukangomveka ndewu ngakhale wodwala bondo amafika woyamba. Pakati pawo panali Idi, mchimwene wake wa Kulusumu, chifuwa chili pamtunda, nkhafi ili m'mwamba. Lawson ankakwawa mumchenga, malaya ake oyera a kutchalitchi atasanduka psuu.

"Kafiri iwe! Unkafuna utimalize tonse m'nyanjamu?" anakuwa Idi. "Watigulitsa manda, ife n'kumapalasa manda tsiku ndi tsiku!"

"Alamu, tandimverani kaye..."

"Mlamu wako ndani? Unakwatira ndani kwathu kuno?"

Nkhafi inatsikanso. Kulusumu sanaganize kawiri. Anadziponya pamwamba pa Lawson, ndipo mtengowo unamupeza iyeyo padzanja, khoo! Ululu unamuthamanga kuchokera m'chigongono mpaka m'mano, koma sanasunthe.

"Yambani mwapha ine, achimwene!"

Idi anamugwira tsitsi limodzi ndi duku n'kumuponyera kumbali ngati ukonde wonyowa. Kenako maso ake anagwera pa bwato lija, lomwe linali litakokeredwa kumtunda, lalitali, losalala, lopanda chigamba ngakhale chimodzi. Analanda nkhwangwa kwa mayi wina amene ankawaza nkhuni n'kuyamba kulitema. Zibenthu zinkangouluka. Nkhwangwa ikatera, Lawson ankadzidzimuka ngati yatera pa iye, pakuti bwatolo analisema ndi manja ake.

"Idi, basi!"

Anali Che Binali, bambo wawo, akutsika kuchokera kumzikiti. Sanathamange ayi, Che Binali sankathamangira chinthu. Anayang'ana bwato, anayang'ana mwana wawo wamkazi atafumbata dzanja, ndipo pomaliza anayang'ana mlendoyo.

"Magazi ake sandibwezera bwato," anatero. "Ameneyu ndikaonana naye kukhoti ku boma."

Lawson analavula mchenga wosakanikirana ndi magazi. "Bambo, munatumiza mawu kuti ndibwere tidzakambirane. Ine ndimayesa ndi nkhani ya ine ndi Kulusumu."

Anthu anafa nacho chiseko. Kuseka kumeneko kunamupweteka Kulusumu kuposa nkhafi, chifukwa nayenso m'mawa umenewo anali atadzola mafuta onunkhira poganiza zomwezo.

*

Zonse zinayamba nthawi yokolola chaka chapitacho. Che Binali anamva kuti ku Chitala kuli mnyamata wa luso losema mabwato, ndipo anakwera basi kukamuona. Kulusumu anatsagana nawo kukasinthitsa usipa ndi chimanga. Lawson anawatengera m'munda mwa amalume ake mmene munali msangu waukulu, wowongoka bwino, uli wokhawokha pafupi ndi dambo. Che Binali anauzungulira, anaugogoda ndi ndodo, anaukumbatira manja osakumana, n'kunena kuti, "Walahi, ndi womwewu. Wina sindikuufuna." Kuti munthu wina asaupikule, anang'amba kansanza m'mphepete mwa nsalu imene Kulusumu anavala n'kukamangirira panthambi ya m'munsi.

Pamene bamboyo ankayang'ana mtengo, Lawson ankayang'ana mwininsalu. Kusema kutayamba, mnyamatayo anakhala ndi mafunso ambiri modabwitsa. Lero kutalika kwa bwato, mawa kuya kwake, ndipo funso lililonse linkafuna kuti akwere basi kukafunsa ku Senga Bay. Kulusumu anamukonda mpaka kumapsereza ndiwo.

Bwato linabwera pa lole ndipo linayamba bwino. Linkabwerako litadzaza utaka moti Che Binali anafewa mtima. Iwo anali Asilamu, Lawson anali Mkhristu, komabe ananena kuti ngati mnyamatayo angalowe Chisilamu, nkhani ya ukwati ingathe kukambidwa. Lawson anavomera. Idi yekha ndiye ankalavulira pansi akamva dzinalo.

Kenako kunabwera Dailes, mtsikana wa ku Chitala komweko, wowonda, wa maso akuluakulu. Anabwera kudzapikula usipa, ndipo anaona Lawson akumumangira Kulusumu duku latsopano kuseri kwa thandala. Anangotsetserekera kudoko, n'kuima pafupi ndi bwato, n'kufunsa alovi, anyamata opalasa aja, kuti, "Mumakwera limeneli? Mtengo uwutu unamera pamanda. Patsinde pake pagona munthu."

Kuyambira tsiku limenelo, alovi omwe anapalasa bwatolo miyezimiyezi osamva kanthu anayamba kumva khanda likulira kutsogolo kwake. Chifukwa chimene ankanenera kuti khanda, osati nkhalamba, palibe amene anafunsa. Mmodzimmodzi anathawira kwa eni mabwato ena. Idi anachita makani n'kulowa nalo m'nyanja mwera ukuwomba. Linatembenuzika, ukonde unapita, ndipo iye anamuvuula atamwa madzi osati masewera. Atangochira m'pomwe anatola nkhafi ija.

*

Esha, msuweni wake wa Kulusumu amene ankagulitsa zitumbuwa pasiteshoni ya sitima ku Salima, ndiye anabweretsa uthenga wochokera kwa Lawson.

"Akuti Lachinayi akachotsetsa ulusi wa pakhutu kuchipatala," ananong'ona. "Akutinso dzanja lakolo likufunika adokotala alione."

Anakumana kuseri kwa chipatalacho, pansi pa mtengo wa mango. Nkhope ya Lawson inali ikadali yotupa mbali imodzi. Kulusumu anafuna kuikhudza koma anadzigwira.

"Khutu likumva?"

"Likumva theka. Ukalankhula iwe likumva lonse."

"Musandiseketse, zinthu zavuta."

Lawson anamuuza kuti mesenjala wa khoti anafika pa njinga n'kumupatsa chisamani. Che Binali anamusumira kuti anawagulitsa bwato la mtengo wa pamanda mowabisira, ndipo ankafuna awabwezere zonse zimene analipira pamodzi ndi ukonde womira uja.

"Akandigonjetsa adzandilanda zida ndi njinga, izo zilibe kanthu," anatero. "Koma ndani adzagulenso bwato kwa munthu wodula mitengo ya kumanda? Kwathu komwe andithamangitsa. Ndiye ndidzakukwatira ndi chiyani?"

"Koma pamene paja panalibe manda. Ndinaliko ine. Panali mapesi okhaokha."

"Ndabadwira m'munda umenewo, sindinaonepo mtumbira. Koma abambo ako akuti ku Chitala sanapondeko. Akuti bwato analionera pa lole litasemedwa kale, ndiye sakanadziwa kumene mtengo unachokera."

Kulusumu sanakhulupirire. Bambo ake, amene sankaphonya mapemphero a swala ngakhale akudwala malungo, akananame kukhoti?

"M'munda muja tinalimo anthu anayi," anapitiriza Lawson. "Amalume anamwalira dzinja lomweli. Tatsala ine, iwo, ndi iwe. Sindikukukakamiza, Kulusumu. Ndi bambo ako."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kansanza kaja, kofumbutuka ndi dzuwa. Anakamasula panthambi tsiku limene anagwetsa msangu, ndipo ankangoyenda nako. Kulusumu anakhetsa misozi, koma panali funso limene linkamudya mumtima chiyambire nkhaniyi.

"Dailes ndi ndani wanu?"

Lawson anayang'ana kumbali. "Tinayendapo kale, ndisanapite kukagwira ntchito kuesiteti ya fodya ku Kasungu. Nditabwerako anangondizizirira, moni weniweniyo osayankha. Zinathera pomwepo."

"Palibe china?"

"Palibe. Ndalumbira pali Mulungu."

*

Mphekesera imayenda msanga kuposa basi. Pamene Kulusumu ankafika pakhomo masana amenewo, Idi anali atamva kale za mtengo wa mango. Anamuchingamira ndi khofi la pamlomo lomwe linamugwetsera pamtondo.

"Hule! Ukukumana ndi munthu amene anafuna kundipha?"

Anamuvula thumba la kumanja n'kukhuthulira zonse pansi. Anatola khadi la chipani. Masiku amenewo popanda khadi sukanakwera basi kapena kulowa mumsika, chifukwa anyamata a Yufi a malaya ofiira ankaima pakhomo paliponse. Idi analing'amba pakati n'kuliponya pamoto.

"Tiona ngati ku boma ukafike wapansi."

Che Binali anaona zonsezi ali pamkeka, akusoka ukonde. Idi atachoka, anaitana mwana wawoyo ndi mawu ofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunamuopsa Kulusumu.

"Khala apa, mama. Pukuta magaziwo."

"Baba, mtengo uja munasankha nokha."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukalumbira bwanji?"

"Ndikanena kuti ndinasankha ndekha, akanena kuti tsoka ndi langa. Bwato lapita, ukonde wapita, alovi apita. Ukufuna ndizikapalasira anzanga pa ukalamba uno?" Anakoka ulusi n'kuuluma ndi mano. "Amayi ako atamwalira ndinakana kukwatiranso kuti wina asakuzunze. Sindikukupempha kuti uname. Ndikungoti ukhale pakhomo. Koma ukakatsegula pakamwa pamaso pa anthu n'kunditcha wabodza, usadzabwerenso pano. Ndikadzafa usadzandilire."

Kulusumu anawayang'ana zala zawo zokhakhala, zomwe zinkamuluka tsitsi ali mwana pomwe atsikana anzake ankalukidwa ndi amayi awo. Ankawakonda bambo akewo, ndipo ankamukondanso Lawson, ndipo panalibe njira yoti onse awiri atuluke m'khoti muja ali oyera.

*

Tsiku la mlandu, Che Binali ndi Idi anakwera basi yoyamba. Kulusumu anatsegula bokosi n'kutulutsa nsalu yong'ambika m'mphepete ija. Esha, amene anagona kwawoko usiku umenewo, anamupatira khadi lake la chipani m'manja.

"A Yufi sawerenga dzina, amangoona mtundu. Koma ukudziwa chimene ukuchita, msuweni?"

"Sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti ndinaliko."

Ku Salima anatsika dzuwa litakwera. Atayandikira khoti, munthu anatulukira kuseri kwa mpanda n'kumutsekera njira. Anali Dailes, amene Che Binali anamuitana kuti akhale mboni yawo.

"Bwererani kwanu, asisi," anatero Dailes, mawu ali pansipansi. "Musalowe umo."

"Iwe ndani woti undiuze kolowa?"

"Ndikukuuzani ngati mkazi mnzanu. Musataye bambo anu chifukwa cha mwamuna ameneyu. Simukumudziwa."

"Ndiwe ukumudziwa? Anakutaya, ndiye wapeka manda kuti tonse tisowe! Ndiwe unamumenyetsa, mfiti iwe!"

Mkwiyo wonse umene Kulusumu sakanathira pa Idi kapena pa bambo ake unatulukira m'dzanja lake labwino lija. Khofi linalira phaa! Dailes anadzandira, kenako anamulumphira. Anagwa onse m'fumbi, kukandana, kukokana tsitsi. Dailes anamuluma paphewa, Kulusumu anamugunditsa mutu pamwala mpaka chipumi kung'ambika. Amayi ogulitsa nthochi ndiwo anawaleretsa.

Dailes anadzuka magazi akutsikira m'diso. Sanalire. Anapukuta ndi nsonga ya nsalu n'kumuyang'ana Kulusumu nthawi yaitali.

"Ndimati ndikanene theka lokha," anatero. "Mwasankha nokha."

*

Khotilo linali chipinda chimodzi cha malata chotentha ngati uvuni. Anthu a ku Senga Bay anakhala mbali imodzi, a ku Chitala mbali inayo, amesenjala awiri ali pakhomo ndi zibonga. Kutsogolo, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, kunakhala a tcheyamani a khoti, bambo wa dazi amene ankaoneka kuti milandu ya mbuzi, njinga ndi mabwato inamutopetsa kalekale. Kulusumu anakhala kumbuyo kwenikweni atafunda duku kumaso.

Che Binali ndiwo anayamba. Analumbira, n'kufotokoza bwinobwino mosadodoma kuti ku Chitala sanapiteko, bwato analionera pa lole, ndipo wosemayo anawabisira kuti mtengo ndi wa pamanda, moti alovi ankamva khanda likulira m'bwatomo.

"Bwatolo lili kuti, kuti khoti lilione?" anafunsa a tcheyamani.

"Linawonongeka, bwana."

"Ndi khanda lija?"

A ku Chitala anaseka mpaka mesenjala anagogoda chitseko ndi chibonga.

Anaitana Dailes. Analumbira, n'kunena kuti patsinde pa msanguwo panali manda.

"Manda a yani?"

"Ndikudziwa kuti alipo, bwana."

"Ndafunsa kuti a yani."

Dailes anangoyang'ana pansi. A tcheyamani anapukusa mutu n'kumuuza kuti akakhale. Kumbuyo kuja Kulusumu anapumira m'mwamba. Zoopseza zonse zija zinali zomwezi?

Lawson ananena mbali yake, kuti wogula anasankha yekha mtengo uli chiimire m'munda wa chimanga, masana dzuwa likuswa mtengo, ndiponso kuti bwatolo analitema ndi Idi.

"Uyu akuti munapita, inu mukuti simunapite," anatero a tcheyamani. "Mmodzi wa inu walumbira monama. Mnyamata, uli ndi mboni?"

Lawson anatembenuka n'kuyang'ana anthu. Sanamuone. "Ndilibe, bwana."

"Ilipo."

Kulusumu sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Anayenda mpaka kutsogolo. Sanayerekeze kuyang'ana kumene kunakhala bambo ake.

"Ndiwe yani?"

"Kulusumu Binali. Odandaulawo ndi bambo anga."

Anthu onse anatembenukira kwa Che Binali. Ngakhale a tcheyamani anawongoka pampando.

"Mwana iwe, ukudziwa kulemera kwa zimene ukufuna kuchita?"

"Ndikudziwa, bwana."

Analumbira. Anafotokoza za basi, za usipa wosinthitsa ndi chimanga, za ndodo imene inagogoda mtengo. Kenako anatambasula m'mphepete mwa nsalu yake. Lawson anatulutsa kansanza kaja, ndipo mesenjala anakalumikiza pong'ambikapo. Maluwa a pansaluyo anakumana ndendende.

"Anang'amba ndani?"

"Baba," anayankha Kulusumu. "Ndi manja awo."

Idi anadumpha benchi ngati galu wachiwewe. Anamugwira mlongo wakeyo pakhosi n'kumukanikizira kukhoma. Kulusumu anaona mdima. Lawson anamukoka Idi kumbuyo, benchi inagwa, amayi anakuwa, ndipo amesenjala anafika ndi zibonga zawo. Anamumenya Idi m'nthiti ndi m'mawondo mpaka anasiya, n'kumukokera panja miyendo ikukwekwereza pansi.

Bata litabwerera, a tcheyamani anapukuta dazi. "A Binali, pa msinkhu wanu, mwalumbira bodza pamaso pa khoti ndi pamaso pa mwana wanu. Ndipo iwe mtsikana wa ku Chitala, wadanitsa anthu ndi manda opeka. Ukudziwa kuti ndingakutsekere?"

Dailes anaimirira. Bala la pachipumi linali litayambanso kuchucha.

"Sindinapeke, bwana. Mandawo alipo. Alibe mtumbira chifukwa ndi a mtayo."

Amayi a ku Chitala anagwira pakamwa. A tcheyamani nawonso anali Mchewa, ndipo anamva msanga. Mwana wobadwa wakufa saikidwa ndi amuna. Amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, m'dzenje losaya cha kudambo, ndipo malowo sauza mwamuna aliyense, ngakhale mwini munda.

"Ngati ndi choncho, wosemayu sakanadziwa," anatero pang'onopang'ono. "Koma iwe ndiwe mtsikana. Kumtayo kumapita ntchembere. Unadziwa bwanji malowo?"

"Amayi anga anandilozera nditachira. Mwanayo anali wanga."

"Bambo wake?"

Dailes sanatchule dzina. Anangokweza dzanja n'kuloza Lawson.

"Anapita ku Kasungu ndili ndi pakati pa miyezi iwiri, ndisanamuuze. Amayi anandibisa kwa azakhali kuopa manyazi. Atabwerako ndinasowa poyambira. Ndinkangopita pamsangu paja ngati ndikukatola nkhuni, n'kukhala pamthunzi ndi mwana wanga. Tsiku lina ndinapeza chitsa chokhachokha. Anadula mthunzi wa mwana wake yemwe, n'kukausema kuti akakwatirire mkazi wina."

Kulusumu anayang'ana Lawson, kudikira kuti akane, akuwe, anene kuti ndi bodza la nsanje. Lawson anali atatsegula pakamwa. Sanakane.

A tcheyamani anagamula mwachidule. Wogula anasankha yekha mtengo, wogulitsa sakanadziwa zimene mwambo umabisira amuna, ndipo bwato analiwononga ndi mwana wa wodandaula yemwe. Dandaulo analikana. Za kumenyana anati ndi za apolisi, ndipo za mimba anati ankhoswe a mtsikanayo akafuna akatenge chisamani chawo.

Lawson anapambana mlandu. Palibe amene anaomba m'manja.

*

Panja dzuwa linali lakuthwa. Kulusumu anathamangira bambo ake n'kugwada m'fumbi kutsogolo kwawo.

"Baba..."

Che Binali anamulambalala mmene munthu amalambalalira chithaphwi. Sanamutukwane, sanamuyang'ane n'komwe. Analunjika kudepoti ali okhaokha, msana utawerama ngati akalamba tsiku lomwelo.

Anakhala chigwadire mpaka anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali Lawson. Kulusumu anadzuka, khosi likuwawa mmene munadutsa zala za Idi. Anali ndi ukali, anali ndi mafunso, komabe pansi pa zonsezo ankafuna chinthu chimodzi chokha, choti mnyamatayo amugwire dzanja n'kumuuza kumene akagone usiku umenewo.

"Munalumbira kuti palibe china," anatero.

"Sindinkadziwa, Kulusumu. Mulungu ndi mboni."

"Ndataya bambo anga chifukwa cha inu. Ndilibe kwathu. Mwamva? Ndilibe kwathu!"

"Ndamva," anayankha Lawson. Koma maso ake sanali pa iye. Ankayang'ana kumpanda kuja, kumene Dailes anakhala pamwala akudzimanga chipumi ndi nsanza, amalume ake awiri ataima pambali pake ndi nkhope zolusa.

"Tandidikira pang'ono," anatero.

Anamusiya pomwepo n'kuyenda ngati munthu woledzera. Atafika pamwalapo anagwada. Panali pafupi, moti Kulusumu anamva mawu aliwonse.

"Dailes, anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Dailes anakweza maso, n'kuyang'ana Kulusumu kaye asanayankhe.

"Wamwamuna. Mphuno yako yomweyo."

Lawson anagwira kumaso n'kuyamba kulira mokweza, pamaso pa anthu onse, ndipo dzanja la Dailes linatera paphewa pake. Kudepoti basi ya ku Senga Bay inaliza hutala n'kunyamuka. Kulusumu anaona kofiya yoyera ya bambo ake pawindo, ikupita osacheuka. M'manja mwake munatsala khadi la dzina la munthu wina, ndipo kansanza kaja kanali pansi, pamene Lawson anakagwetsa popita kwa Dailes.